Akazembe adali kuti pamene a Mboni ankathawira ku Mlangeni?

Pa 20 Okutobala 1967 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova m'dziko muno. Chiletsocho chidakhala mpaka pa 12 Ogasiti 1993, zaka pafupifupi 26. M'zaka zonsezo anthu adamenyedwa, ena adaphedwa, amayi adagwiriridwa, nyumba ndi nkhokwe zidatenthedwa, mabanja adagona m'tchire ndi m'maiko a eni. Koma thandizo lochokera ku maiko a azungu lidapitirira kugwa ngati mvula ya m'Januwale.

Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro womwewo. Boma lidawaopseza, ndipo mmodzi mwa osaina kalatayo lidamupitikitsa. Mu Meyi chaka chomwecho maiko aja adakumana ku Paris n'kutseka mpopi wa thandizo.

Ikani zaka 26 mbali ino, miyezi iwiri mbali inayo, muone nokha kupendekeka kwa sikeloyo. Mukaona, wina asabwerenso kudzatinamiza kuti maiko akuluakulu amagona tulo tochepa chifukwa chodera nkhawa mapemphero a anthu osauka. Maikowa amakumbukira ufulu wa chipembedzo tsiku limene ufuluwo wagwirizana ndi malonda ao kapena chitetezo chao. Mmalawi amene akudikira kuti kazembe wa dziko lakuti adzamuteteze likadzafika tsiku la tsoka akudikira basi yosadutsa kwao. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Amalawi anzanga, ndipo mimba yake ndi yathu.

Ife a m'badwo uno tidakula matipate atabwera kale, choncho tiyambe ndi khadi, poti ambirife tidangolimva kwa makolo. Kwathu kwa Champiti, monga m'dziko lonse, munthu sankalowa mumsika, sankakwera basi, nthawi zina sankaonana ndi dokotala asadaonetse khadi la Malawi Congress Party. Pachipata pankaima anyamata a malaya ofiira, a Yufi aja, amene anthu ankawatcha achiswe monong'ona. Khadilo lidali la matambala ochepa, ndipo makolo athu, Akatolika, a CCAP, Asilamu, a Seventh Day, adagula n'kumadutsa. A Mboni adakana. Chiphunzitso chao chimati Mkhristu asalowe ndale za dziko, ndipo kwa iwo kugula khadi ndiko kulowa chipani. Msonkho ankakhoma, m'munda ankalima ngati wina aliyense, koma khadi ayi. Mlandu wao wonse udali pomwepo basi.

Msonkhano waukulu wa chipani umene udachitikira ku Mzuzu mu Sepitembala 1967 ndiwo udapempha kuti mpingowu uletsedwe, ndipo mwezi wotsatira boma lidavomera. Amishonale ao ochokera kunja adathamangitsidwa. Mu Sepitembala 1972 chipani chidakumananso ku Zomba n'kumanga mfundo zoopsa koposa: wa Mboni aliyense achotsedwe ntchito, kaya m'boma kaya m'kampani, asaloledwe kuchita bizinesi, ndipo wokhala kumudzi apitikitsidwe. Kuwerenga mfundozo lero thupi limachita tsembwe, chifukwa chidali chilolezo choti aliyense wa chibonga achite zimene akufuna. A Yufi ndi apayoniya adamva, nayamba ntchito.

Anthu adathawira kuti? Oposa 19,000 adaolokera ku Zambia n'kukaunjikana pa msasa wa Sinda Misale, chakufupi ndi Chipata. Madzi abwino padalibe, mvula idawapeza pamtetete, ndipo oposa 350 adafera pomwepo, ambiri mwa iwo ana. Boma la Kenneth Kaunda, limene nalonso lidali ndi mkangano wake ndi a Mboni pa nkhani ya mbendera ndi nyimbo ya fuko, silidafune alendo oterewa. Mu Disembala 1972 maboma awiriwa adamvana, anthu aja adakwezedwa m'malole kubwerera kwa owamenya. Onani ubale wa maiko mmene umayendera: atsogoleri awiri amene sankamwerana madzi pa nkhani ya South Africa adamvana msangamsanga pa nkhani yobweza anthu opemphera.

Atafika kumudzi n'kupeza chibonga chikadali m'manja mwa eni ake, adathawanso, ulendo uno kulowera ku Mozambique. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Ntcheu. Aliyense woyenda pa mseu wa M1 amadziwa kuti pa Biriwiri, pa Mlangeni ndi pa Lizulu malire ndi mseu womwewo: mbali ino Malawi, kungodumpha phula uli ku Angonia. Kutsidya kwa Mlangeni ndiko kudali msasa waukulu wa a Mboni, ndipo m'misasa yonse ya m'mbali mwa malire mudafika anthu oposa 30,000. Amene adawapatsa malo olima adali Apwitikizi, atsamunda enieni, pamene dziko lao lomwe, limene linkaimba za ufulu chaka ndi chaka pa 6 Julayi, lidali litawalavula.

Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, a Frelimo adafika m'misasa muja n'kufuna kuti aliyense akweze dzanja kutamanda chipani. A Mboni adakananso, poti chimene adakanira tambala wakuda sakadavomera kwa wina. Kuyambira mu Ogasiti 1975 misasa idatsekedwa, anthu adatayidwa pamalire. Zikwi adakathera m'ndende, makamaka ku Dzaleka m'boma la Dowa. Ena adaolokanso cha ku Mulanje n'kukakhala ku Carico m'boma la Milange, kumene Frelimo idatayanso a Mboni a ku Mozambique komweko. Maiko atatu, mbendera zitatu, atsogoleri atatu oimbidwa nyimbo ngati opulumutsa, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe wopatsa anthuwa pogona mwamtendere.

Ife a ku Ntcheu tisathamangire kuloza chala kutali. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani ndiponso nduna yoopedwa ya m'zaka zimenezo, adali mwana wa boma lathu lino. Makina amene ankathandiza kuyendetsa adamudya yekha: adamangidwa mu 1976, napachikidwa mu 1977. Komanso mlandu sungathere pa munthu mmodzi. Amene ankaloza nyumba ya wa Mboni usiku sadachokere ku Zomba kapena ku Sanjika. Adali mnansi, mlamu, wapampando wa nthambi ya chipani, nthawi zina wofuna munda kapena mbuzi za wothawayo. Nchifukwa chake nkhaniyi siikambidwa pabwalo m'midzi mwathu. Odziwa alipo, koma akayamba kusimba apezeka akutchula abale.

Nanga dziko lapansi silidadziwe? Lidadziwa ndithu. Nyuzipepala za kunja zidalemba, a Amnesty International adalemba, bungwe la United Nations loona za othawa kwao lidafika ku Sinda Misale, a Mboni a m'maiko ena adatumiza makalata odandaula ku boma la Malawi. Chimene chidasowa ndi boma lamphamvu loti linene kuti: siyani, apo ayi ndalama zathu simuzionanso. Chifukwa chake sichobisika. Mwezi womwe chipani chinkapempha chiletso ku Mzuzu, Sepitembala 1967, Malawi adatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, dziko lokhalo la anthu akuda lochita zimenezo. John Vorster adabwera kuno mu 1970, Kamuzu adapita kwao mu 1971, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu ku Lilongwe idachokera komweko. Kwa Britain ndi America, amene panthawiyo ankalimbana ndi Soviet Union, Kamuzu adali linga lotchinga chikomyunizimu pakati pa maiko okayikitsa. Bwenzi lotere sulifunsa za anthu a tizikwama ndi timabuku.

Ndiye alendo adabwera, ife n'kumavina. Mfumukazi Elizabeth idafika mu 1979. Kamuzu adalandiridwa ndi ulemu wonse wachifumu ku London mu 1985. Margaret Thatcher adabwera mu Malichi 1989, Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu Meyi chaka chomwecho. Aliyense wa iwowa pamene ndege yake inkanyamuka, chiletso cha 1967 chidali chikhalire. Mwini wake nayenso ankadzitama kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo mipingo yathu ikuluikulu idamupempherera Lamulungu lililonse, ya a Mboni osaitchula. Mwina ena chamumtima ankati zawakwana, amatibera nkhosa amenewa.

Tsono yang'anani 1992. M'kalata ya mabishopu ija, mwa zina zambiri, mudali dandaulo loti anthu akuletsedwa kulowa m'misika, m'zipatala ndi m'madepoti a basi chifukwa chosowa khadi la chipani. Eti ndi nkhani yomwe ija a Mboni adathyoledwera nthiti kwa zaka 25! Boma lidati kalatayo ndi youkira. Mabishopu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, adaitanidwa ku polisi ku Blantyre. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idaotchedwa. Akuluakulu a chipani adakhala pansi n'kumakambirana zopha mabishopu, ndipo tepi ya msonkhanowo idatulukira kunja. Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu, mbadwa ya ku Ireland, adapatsidwa maola 24 kuti atuluke m'dziko muno mu Epulo. Chakufwa Chihana adamangidwa pa 6 Epulo, anthu ogwira ntchito adaomberedwa m'misewu ya Blantyre mu Meyi. Maiko othandiza adaimika thandizo lonse losakhudza njala ndi othawa nkhondo, pafupifupi madola 74 miliyoni. Mu Okutobala Kamuzu adalengeza referendamu, pa 14 Juni 1993 nyali idapambana, ndipo patangotha miyezi iwiri chiletso cha a Mboni chidachotsedwa mwakachetechete ngati munthu akuchotsa chitsotso m'diso.

Palibe akuchepetsa kulimba mtima kwa mabishopu. Adaika moyo pachiswe, ndipo dziko lino lili nawo ngongole. Koma tifunse moona: chidasintha nchiyani pakati pa 1972 ndi 1992? Mtima wa azungu udafewa? Ayi ndithu. Khoma la Berlin lidagwa mu 1989, Nelson Mandela adatuluka m'ndende mu 1990, Soviet Union idatha mu 1991. Linga lija lidalibenso ntchito. Chachiwiri, bishopu ali ndi Vatican kumbuyo kwake, ali ndi mabishopu anzake ku Ireland, ku Germany ndi ku America amene angagogode pa khomo la nduna. Ife alembi timadziwanso nkhani ya Jack Mapanje, amene adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991: alakatuli ndi aphunzitsi a m'mayunivesite a kunja adafuula mpaka chitseko chidatseguka, ndipo tikuthokoza kuti adafuula. Nanga mayi wa ku Mlangeni wobereka mwana kumbuyo, mtolo pamutu, akadamufuulira ndani? Mpingo wake suvota, sulowa ndale, ulibe dziko, ulibe kazembe. Pa msika wa ubale wa maiko munthu wotere alibe mtengo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mukuwerenga. Mukuti a Mboniwo nawonso ngamakani, khadi la matambala likadawapha? Mukuti amatisokoneza Loweruka m'mawa pogogoda m'makomo, savota, sakweza mbendera, amakana magazi kuchipatala. Ine si wa Mboni, ndipo za magazizo ndingatsutsane nawo mpaka dzuwa kulowa. Koma ufulu wa chipembedzo ukakhala wa okhawo amene timagwirizana nawo, ndi chikondi cha pachibale chabe, lamulo silifunika pamenepo. Lamulo limayesedwa pa kampingo kakang'ono kosakondedwa, kamene kukamenya sikuchotsera munthu mavoti. Ndiponso taganizani: boma litaona kuti lingatenthe nyumba za anthu zikwizikwi popanda wofunsa, lidaphunzira kuti lingachite chilichonse. Pambuyo pa a Mboni padabwera aphunzitsi, atolankhani, ophunzira, mpaka nduna zitatu ndi phungu amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983. Akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Makolo athu adaonerera, moto udafika pa ndevu zao.

Pali bodza lina limene maboma onse amakonda, loti kuthana ndi kagulu ka chipembedzo ndiko kusunga bata. Mbiri ya chigawo chino ikukana. Mu 1964 ku Zambia, otsatira Alice Lenshina a mpingo wa Lumpa adakana makadi a UNIP. Asilikali adatumizidwa ku Chinsali ndi ku Lundazi, anthu oposa 700 adafa, zikwi adathawira ku Congo, ndipo nkhani ya mpingo umodzi idasanduka nkhani ya maiko awiri kwa zaka zambiri. Ife tidatayira vuto lathu pakhomo pa Zambia ndi Mozambique. Sipadapite nthawi yaitali, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idatibweretsera othawa kwao oposa miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu idali mwa maboma amene adasenza katundu wolemera: nkhuni zidatha m'mapiri, minda idachepa. Malire amene tidapitikitsirapo anzathu ndi omwewo adatilowetsera alendo. Mu Disembala 1993, asilikali a boma atayamba kulanda zida apayoniya, ambiri a iwo adathawira kuti? Ku Mozambique komweko, m'njira zomwe adathamangitsiramo a Mboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anganene kuti zonsezi nza nthawi ya chipani chimodzi. Chabwino, tibwere m'matipate. Mu Juni 2003, pamene America inkasakasaka a al-Qaeda dziko lonse, amuna asanu achisilamu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, adagwidwa usiku mu Blantyre. Khoti lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno. Adatulutsidwabe, naperekedwa m'manja mwa Amereka. Ku Mangochi anthu adakwiya, matchalitchi adaswedwa, asilikali adatumizidwa. Patatha mwezi ndi masiku, amuna aja adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Mtsogoleri wa dziko panthawiyo adali Bakili Muluzi, Msilamu, ndipo sizidathandize. Dziko limene limatiphunzitsa za ulamuliro wa malamulo ndilo lidalandira anthu otengedwa mophwanya lamulo la khoti lathu. Iwo adapita kwao, ife tidatsala ndi magalasi osweka ndi kukayikirana pakati pa Mkhristu ndi Msilamu amene amagula usipa pa msika umodzi.

America yomweyo ili ndi lamulo la 1998 loona za ufulu wa chipembedzo m'maiko ena. Chaka ndi chaka imalemba lipoti la dziko lililonse, Malawi yemwe, ndipo ili ndi mndandanda wa maiko olakwitsitsa. Lipotilo nlothandiza, muli zambiri zimene maboma akadakonda kubisa. Koma onani mmene mndandandawo umagwirira ntchito. Saudi Arabia idalowamo mu 2004, koma chilango chake chidaimikidwa, ati poganizira zofuna za America. Mafuta amenewo. Nigeria idalowa mu Disembala 2020, idachotsedwa mu Novembala 2021 nduna ya America yoona za kunja ili pafupi kukacheza ku Abuja, idabwezedwamonso kumapeto kwa Okutobala 2025 ku Washington kutasintha boma. Kodi ophedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti ya ku Nigeria ankasiya kufa zaka zimene dzina lidafufutidwa? Ku Eritrea a Mboni atatu adatsekeredwa mu Sepitembala 1994 popanda kuzengedwa mlandu. Dzikolo lidalowa pa mndandanda mu 2004, koma amunawo adatuluka mu Disembala 2020, atakhala zaka 26, tsitsi litachita imvi.

Kapena yang'anani kwa anansi athu ku Cabo Delgado. Zigawenga zodzitcha zachisilamu zidayamba kupha anthu ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ndipo ambiri mwa ophedwa ndi othawa adali Asilamu anzao, alimi ndi asodzi. Zaka zitatu ndi theka zidapita anthu akudulidwa makosi. Mu Malichi 2021 zigawengazo zidalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, kampani ya Total idaimika ntchito mu Epulo, ndipo pofika Julayi asilikali a Rwanda ndi a SADC adali atafika. Magazi a msodzi adalephera kuitana asilikali, gasi adawaitana m'miyezi inayi.

Tsono pali ena m'boma, a chipani chilichonse chimene chalamulapo, amene akamva zoterezi amaomba m'manja. Amati mwaona, azunguwa ngachinyengo, nkhani za ufulu ndi ndale zao chabe, atisiye tidzilamulire. Bwana, musakondwe msanga. Chinyengo cha kazembe sichisambitsa m'manja mwa womenya. Kamuzu nayenso ankanena zomwezo, kuti za m'nyumba mwake nzake. Mfundo yake ndi yakuti, poti akunja ngosadalirika, udindo wonse wagwera ife. Ndipo dziko losauka ngati lathu, limene bajeti yake ya chitukuko yakhala ikutsamira pa thumba la ena, likamapondereza opemphera limapatsa akunjawo chingwe choti adzalikokere tsiku limene adzafune. Mu 1992 adakoka, kwacha idagwa, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo amene adamva kuwawa koyamba sadali wa ku Sanjika.

Za chitukuko nazo tiwerengere bwino. Anthu amene adachotsedwa ntchito mu 1972 adali makalaliki, akalipentala, amakaniko, atelala, alimi a fodya ndi chimanga. Luso lao lidakamanga misasa ku Angonia m'malo momanga kwao, ana ao adakula osaona sukulu. M'dziko muno gawo lalikulu la sukulu lidayambitsidwa ndi mipingo, ndipo zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo, makamaka kumidzi. Dziko lotere likayambana pa chipembedzo, choyamba kutsekedwa ndi kalasi ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Tidaziona mu Novembala 2019 pa sukulu ya M'manga ku Balaka, pamene mkangano wa hijabu pakati pa Asilamu ndi a Anglican udafika pogendana, sukulu n'kutsekedwa. Amene adaluza ndi ana, a mbali zonse ziwiri.

Koma m'nkhani yomweyi muli phunziro lokoma. Amene adakhazika pansi mbali ziwirizo mpaka kusainirana mgwirizano mu 2021, wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, adali a Public Affairs Committee, bungwe la Akhristu ndi Asilamu lobadwa m'chaka chomwe chija cha 1992. Ana a Chirasta, amene kwa zaka zambiri ankabwezedwa pa geti la sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lao, adapeza chilungamo ku khoti lalikulu ku Zomba, pamene Jaji Zione Ntaba adagamula mu Meyi 2023 kuti kuwaletsa nkuphwanya malamulo a dziko. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Lidalembedwa ndi anthu amene adaona Dzaleka ndi maso. Komabe dzifunseni: chifukwa chiyani zidatenga zaka pafupifupi 30 chiyambire matipate kuti mwana wa Rasta alowe m'kalasi? Yankho ndi lomwe lija. Ma Rasta ngochepa, timawaseka, ndipo alibe kazembe.

Nanga a Mboni tidawalipira chiyani? Mu Januwale 1996 Kamuzu adapepesa mtundu wonse m'mawu ophimbaphimba, osatchula wolakwa kapena wolakwiridwa. Khoti la chipukuta misozi limene malamulo a 1994 adakhazikitsa lidapatsidwa zaka khumi, ndipo lidatseka anthu ambirimbiri asadalandire zao. Dzaleka tidaisandutsa msasa wa othawa kwao mu 1994, ndipo m'menemo mwakhala anthu zikwi makumimakumi ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, koma ndi angati mwa ife amene amauza ana ao kuti pamalo pomwepo tidatsekerapo Amalawi anzathu chifukwa cha pemphero? A Mboni eni ake sachita zionetsero, sapita kwa phungu, sadzatikakamiza. Kukhala chete kwao kwatipatsa danga loiwala, ndipo taligwiritsa ntchito mokwanira.

Ndiye ndikupempha zinthu zinayi, zonse zosafuna ndalama ya mzungu. Choyamba, Nyumba ya Malamulo ipepese a Mboni za Yehova powatchula dzina, ndipo chipani cha Malawi Congress, chimene msonkhano wake udamanga mfundo za 1967 ndi 1972, chiyambe ndicho. Chachiwiri, a Unduna wa Maphunziro aike Sinda Misale, Mlangeni, Dzaleka ndi Carico m'mabuku a mbiri ya dziko lino, mwana wa Fomu 2 adziwe kuti khadi lidapha anthu. Chachitatu, mabishopu, abusa ndi mashehe, inu amene mumatulutsa makalata kukakhala chisankho, muzitulutsanso pamene wovutikayo ndi wa kampingo kamene mumakanyoza pa guwa. Chachinayi, boma lililonse lilumbire kuti lamulo la khoti la Malawi silidzaphwanyidwanso pofuna kukondweretsa dziko lina, kaya ndi la kumadzulo, la kum'mawa kapena la Aluya.

Mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi Champiti mpaka kwa Inkosi ya Makosi Gomani, nanunso muli ndi mbali. M'midzi mwanu mukadali nkhalamba zimene zidathawa ndi zina zimene zidathamangitsa, ndipo zikumwa madzi pa mjigo umodzi. Ziitaneni pabwalo zisimbe zisadapite, alembi tilembe. Tsiku lina kudzabwera mtsogoleri wina ndi khadi lina, mwina la chipani, mwina la mpingo wake, ndipo padzapezeka kagulu kena kokana. Tsiku limenelo akazembe adzayamba aona kaye ngati dziko lao lipindulapo. Amene adzakhale pafupi ndi nyumba yoti itenthedweyo ndi inu ndi ine.